Kusindikiza kabuku ka nthabwala ndi ndakatulo za mahatchi pa Amazon KDP: papepala zimayenda, pa Kindle pamafunika luso

Wolemba nkhani zoseketsa za mahatchi nthawi zambiri amakhala ndi kabuku kakang'ono: nkhani zazifupi 12, ndakatulo 30, zojambula zingapo za pensulo, zonse pamodzi masamba osafika 100. Makampani akuluakulu osindikiza mabuku sathamangira kabuku kotere chifukwa ogula ake ndi ochepa, ngakhale kuti akakakonda amakakondadi. Ogulawo ndi okwera mahatchi, osamalira makola, okhoma zitsulo kuziboda, ndiponso abale awo amene akufunafuna mphatso. Apa m'pamene Kindle Direct Publishing, njira ya Amazon yoti wolemba asindikize yekha buku lake, imene ambiri amangoti KDP, imathandiza. Amazon inaiyambitsa mu 2007 pamodzi ndi Kindle yoyamba, chipangizo chake chowerengera mabuku a pakompyuta, ndipo mu 2018 inaiphatikiza ndi CreateSpace, imene inkasindikiza mabuku apepala. Lero wolemba amatsegula akaunti imodzi, n'kuikapo buku lapepala ndi la pakompyuta, osalipira kalikonse poyamba. Buku limasindikizidwa pokhapokha munthu akaligula, ndiye palibe makatoni ounjikana m'nyumba.

Chigamulo changa ndi ichi: pa kabuku kapepala ka zilembo zakuda, KDP ndi yabwino kwambiri ndipo mtengo wake ndi womveka. Pa buku la Kindle, nkhani zimayenda bwino koma ndakatulo zimaonongeka ngati wolemba sanazikonze ndi dzanja lake. Chifukwa chake n'chakuti nthabwala imadalira pamene mawu agwera, pomwe Kindle imasuntha mawu malinga ndi sikirini ya wowerenga.

Tiyambe ndi pepala

Buku la chikuto chofewa liyenera kukhala ndi masamba osachepera 24. La chikuto cholimba limayambira pa masamba 75, koma kabuku ka nthabwala sikalifuna kwenikweni chifukwa mtengo umakwera. Pa kukula kwa tsamba, KDP ili ndi miyezo yambiri, ndipo yoyenera ntchitoyi ndi iwiri: mainchi 5 m'lifupi ndi 8 m'litali, kapena 5.5 ndi 8.5. Ambiri amathamangira 6 ndi 9 chifukwa ndi wodziwika, koma ndakatulo ya mizere isanu imasowa pa tsamba lalikulu chotero, ndipo buku limatuluka lopyapyala ngati kope la mwana wasukulu. Tsamba laling'ono limachulukitsa masamba, bukulo n'kumamveka m'manja.

Kuchuluka kwa masamba kuli ndi ntchito inanso. Buku losakwana masamba 79 sililoledwa kukhala ndi mawu pamsana. Pa shelefu, buku lopanda dzina pamsana silidziwika kuti ndi la chiyani. Ngati muli ndi masamba 70, ndi bwino kuwonjezera nkhani ina imodzi kapena kupatsa ndakatulo iliyonse tsamba lakelake, kusiyana ndi kutupitsa zilembo. Kunenepa kwa msana kumawerengedwa chonchi: pa pepala loyera mumachulukitsa masamba ndi 0.002252, pa pepala la kirimu ndi 0.0025, yankho n'kukhala mainchi. Buku la masamba 96 pa kirimu limakhala ndi msana wa mainchi 0.24. Pamenepo muyenera kusiya mpata wa mainchi 0.0625 mbali iliyonse, ndiye otsala olembapo ndi mainchi 0.115 okha. Zilembo zazing'ono zooneka bwino zimakwana, koma zopotanapotana sizingawerengeke.

Pepala la kirimu limakomera maso pa ndakatulo ndi nkhani. Loyera limaonetsa bwino zojambula za mizere yopyapyala, monga manyenje ndi mchira. Sankhani mwanzeru, chifukwa buku likangotuluka, mtundu wa pepala, mtundu wa inki ndi kukula kwa tsamba zimatsekedwa. Mutu wa buku ndi dzina la wolemba nazonso sizisinthika pa buku lapepala. Mukafuna kusintha zimenezi mumayenera kutulutsa buku latsopano, ndipo ndemanga za owerenga sizisamuka zokha nthawi zonse.

Mipata ya m'mphepete ndi imene imabweza mafayilo ambiri. Pa buku la masamba 24 mpaka 150, mpata wa kumsoko uyenera kukhala mainchi 0.375 kapena kuposa, ndipo wakunja usachepere 0.25. Imeneyi ndi miyezo yotsikitsitsa yoti makina avomere, osati yoti buku likome. Kabuku komatidwa ndi guluu sikatseguka n'kugona, choncho mawu oyandikira msoko amalowa m'kati mwa khwinya. Perekani mainchi 0.6 kumsoko ndi 0.5 kunja. Ngati chojambula chikufika kumapeto enieni kwa tsamba, monga hatchi imene ikutuluka m'tsamba ikuthamanga, muyenera kusankha bleed, kutanthauza kuti chojambula chipitirire pang'ono pamene mpeni udzadule, ndi kukulitsa tsamba ndi mainchi 0.125 m'lifupi ndi 0.25 m'litali. Tsamba la 5 ndi 8 limakhala 5.125 ndi 8.25. Mukaiwala zimenezi, mpeni wodula umasiya kamzere koyera m'mphepete, kapena fayilo imakanidwa. Zithunzi zonse zikhale za 300 DPI, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo potumiza PDF mitundu ya zilembo ikhale yomatidwa m'fayilomo. Apo ayi makina amaika zilembo zina za m'lifupi mosiyana, mizere ya ndakatulo n'kusuntha.

Ubwino waukulu wa pepala ndi wakuti mumadziwa pamene wowerenga atembenuzire tsamba. Tsamba la nambala yosagawika ndi 2 limakhala kumanja, ndipo logawika limakhala kumanzere. Nkhani ya munthu amene akudzitama kuti hatchi yake siopa kanthu, muiyale kuti kudzitamako kuthere m'munsi mwa tsamba lakumanja. Wowerenga akatembenuza, apeze hatchiyo italumphira kumbali chifukwa cha kajumbo kouluka ndi mphepo, mwini wake ali chagada m'matope. Kamphindi kotembenuza tsambako ndi kamene kamabweretsa phwete. Mukaika zonse pa masamba awiri oyang'anizana, diso limaba kale mapeto lisanawerenge chiyambi. PDF imasunga dongosolo limeneli ndendende, ndipo KDP imasindikiza zimene mwatumiza. Musatumize fayilo ya Word pa buku lapepala ngakhale kuti imaloledwa, chifukwa poisandutsa masamba amatha kusuntha.

Musanavomereze kuti buku lituluke, itanitsani kope loyesera. Limabwera ndi chimzere cholembedwa kuti silogulitsa, ndipo mumalipira mtengo wosindikizira ndi wotumizira basi. Pa sikirini simungaone kuti mithunzi yotuwa ya pensulo yatuluka yakuda kwambiri, kapena kuti hatchi yakuda yasanduka chithunzithunzi chopanda maso ndi mphuno. Zimenezi zimachitika kawirikawiri chifukwa inki papepala imadetsa kuposa mmene sikirini imaonetsera. Mankhwala ake ndi kuwalitsa pang'ono malo akuda, ndiponso kujambula ndi mizere yolimba m'malo mwa mithunzi yofewa. Dziwaninso kuti makina osindikiza buku limodzilimodzi salunjika ndendende nthawi zonse. Chikuto chimatha kusunthira kumbali pang'ono, ndiye musaike mzere wa mtundu wina pa ngodya yeniyeni ya msana, chifukwa ukasuntha umaonekera kutsogolo.

Ndalama zake

Pa Amazon.com, buku la inki yakuda la masamba 24 mpaka 108, la miyezo yaing'onoyi, limasindikizidwa pa $2.30. Likapitirira pamenepo mtengo ndi $1.00 kuphatikiza $0.012 pa tsamba lililonse. Izi zikutanthauza kuti kabuku ka masamba 40 ndi ka masamba 100 n'tofanana mtengo wosindikizira, ndiye palibe chifukwa choumirira masamba. Kuyambira mu Juni 2025, gawo la wolemba ndi 60 peresenti ngati buku likugulitsidwa $9.99 kapena kuposa, ndi 50 peresenti ngati lili pansi pa mtengowo, kenako amachotsapo mtengo wosindikizira. Buku la masamba 96 la $7.99 limakusiyirani pafupifupi $1.70. Lomwelo pa $9.99 limakusiyirani $3.69. Kusiyana kwa $2 kwa wogula kukuwirikiza phindu lanu kawiri ndi kuposa. N'chifukwa chake kabuku ka nthabwala kayenera kunenepa mokwanira kuti mtengo wa $9.99 usaoneke ngati kuba. Palinso njira yotchedwa Expanded Distribution imene imalowetsa buku m'ndandanda wa masitolo ena ndi malaibulale, koma gawo lake ndi 40 peresenti, ndipo pa buku lomwelo la $9.99 mutsala ndi $1.70. Kulowa m'ndandanda sikutanthauza kuti sitolo iliitanitsa.

Za mitundu ya inki ndidutsapo msanga. Inki ya mitundu imakweza mtengo wa tsamba lililonse la m'bukumo, ngakhale lokhala ndi mawu okhaokha, ndipo mtundu wotchipirapo umafuna masamba osachepera 72. Pa kabuku ka nthabwala za akuluakulu, zojambula zakuda ndi zokwana.

Pamene Kindle imapunthwa

Buku wamba la Kindle lilibe masamba okhazikika. Wowerenga amasankha yekha kukula kwa zilembo, ndipo wina akuwerengera pafoni, wina pa tabuleti. Mawu amayenderera ngati madzi m'chiwiya chilichonse chimene awathira. Nkhani sivutika nazo zimenezi, koma ndakatulo imavulala. Taonani kandime aka:

Hatchi ya agogo ndi yomvera kwabasi:
ukati ima, imaima nji,
ukati tiye, imaimabe nji,
koma gwedeza ndowa ya chakudya, uona liwiro la mpikisano.

Mizere itatu yoyambayo ndi yaifupi ndipo imakwana paliponse. Wachinayi ndi wautali mwadala, chifukwa nawo ukuthamanga. Pafoni ya zilembo zazikulu mzerewu umathyoka, mwina pambuyo pa mawu akuti uona, ndipo otsalawo amagwera pansi n'kuyambira kumphepete ngati mzere wachisanu. Wowerenga amapuma pamalo olakwika, kandime ka mizere inayi n'kuoneka ngati ka isanu. Ndakatulo za mtundu wa limerick, zimene alembi a nthabwala za mahatchi amazikonda, zimavulala koposa. Zili ndi mizere isanu, woyamba, wachiwiri ndi wachisanu imathera pa kamvekedwe kofanana, ndipo wachitatu ndi wachinayi ndi yaifupi yokhala ndi kamvekedwe kakekake. Mzere umodzi ukathyoka, diso silionanso mpangidwe umenewo, ndipo khutu limasochera.

Kuthyokako simungakuletse, koma mungakuonetse kuti ndi kuthyoka chabe. Mzere uliwonse wa ndakatulo ukhale ndime yakeyake m'fayilo, ndipo muupatse hanging indent, kutanthauza kuti chiyambi cha mzere chili kumphepete koma zotsala zikagwera pansi zimalowa m'kati pang'ono. Mu Word mumapanga style imodzi ya mzere wa ndakatulo yokhala ndi kulowa kwa mainchi 0.3, popanda mpata pamwamba kapena pansi, ndi style ina ya mzere womaliza wa ndime yokhala ndi mpata pansi pake. Mu EPUB, mtundu wa fayilo ya mabuku a pakompyuta, ndi zomwezo kudzera mu CSS, malamulo olamulira kaonekedwe ka mawu m'fayilomo: mpata wa kumanzere 2em, ndi text-indent ya -2em. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kugwiritsa ntchito Shift ndi Enter pa ndime yonse. Mukatero ndime yonse imatengedwa ngati chinthu chimodzi, ndipo mzere woyamba wokha ndi umene umakhala kumphepete, ina yonse n'kulowa m'kati. Cholakwika china ndi kukankha mawu ndi batani la Tab kapena kumenya Space kambirimbiri. Posandutsa fayilo mipata yotereyi imafufutidwa kapena imatuluka yosiyanasiyana. Mizere yopanda kanthu yolekanitsa ndime nayonso siidalirika, ndipo ikagwera kumapeto kwa sikirini wowerenga sadziwa kuti ndime yatha.

Pali zinanso ziwiri. Kindle imakonda kutambasula mawu kuti afike mbali zonse ziwiri, ndipo pa mzere wothyoka zimenezi zimasiya mabowo aakulu pakati pa mawu, choncho lamulani mu style kuti ndakatulo zitsamire kumanzere. Chachiwiri, ndakatulo iliyonse iyambe pa tsamba latsopano pogwiritsa ntchito page break yeniyeni, kuti mutu usatsale wokha pansi pa sikirini. Ngati mukufuna kusunga kamphindi kotembenuza tsamba kaja, ikani page break mzere womaliza usanafike, koma chitani zimenezi kawiri kapena katatu m'buku lonse. Mukachulukitsa wowerenga amazindikira kuti mukumukoka mphuno.

KDP imalandira mafayilo a DOCX, EPUB ndi KPF. Ya KPF imachokera ku Kindle Create, pulogalamu yaulere ya Amazon. Kindle Create ndi yabwino pa nkhani: imapanga yokha ndandanda wa zam'kati, imakongoletsa mitu, ndipo munthu wosadziwa zambiri za kompyuta amaizolowera tsiku limodzi. Vuto lake ndi lakuti fayilo ya KPF imagwira ntchito ku Amazon kokha, ndipo ufulu wosintha tinthu ting'onoting'ono ndi wochepa. Wa ndakatulo zambiri apange EPUB, chifukwa amalamulira mzere uliwonse ndipo fayilo yomweyo angaigulitsenso kwina. Ena amathawira ku mpangidwe wokhazikika wochokera ku PDF kuti ndakatulo zisasunthe. Zoona sizisuntha, koma wowerenga sangakulitse zilembo monga mwa masiku onse, pafoni tsamba limaoneka laling'ono kwambiri, ndipo si zipangizo zonse zimene zimatsegula mabuku otero. Pa buku la mawu ambiri njira imeneyi siyoyenera.

Musanatumize, tsegulani fayilo mu Kindle Previewer, pulogalamu yoonetsa mmene buku lidzaonekere pa zipangizo zosiyanasiyana, imenenso ndi yaulere. Sankhani foni, kwezani zilembo, n'kudutsa ndakatulo iliyonse. Mzere umene ukuthyoka katatu ndi wofunika kuuganiziranso. Ndakatulo zimene mizere yake siipitirira zilembo 35 kapena 40 zimapulumuka bwino pa masikirini ang'onoang'ono.

Gawo la wolemba pa Kindle ndi 35 kapena 70 peresenti. La 70 limaperekedwa pa mitengo ya $2.99 mpaka $9.99, kwa ogula a m'maiko osankhidwa, ndipo amayamba achotsa ndalama yotumizira fayilo, $0.15 pa MB iliyonse pa Amazon.com. Apa zojambula zimadya phindu mwakachetechete. Buku la $2.99 la fayilo ya MB imodzi limakusiyirani pafupifupi $1.99. Likalemera kufika MB 8 mutsala ndi $1.25, ndipo pofika MB 10 palibenso kusiyana ndi 35 peresenti, imene ilibe ndalama yotumizira ndipo imapereka $1.05. Choncho zojambula za Kindle muzichepetse. Zakuda ndi zoyera muzisunge mu grayscale, osati mu mitundu yonse, ndipo musaikemo mafayilo olemera amene munakonzera makina osindikiza.

Chikuto, ndi maso a anthu a mahatchi

KDP ili ndi Cover Creator, chida chaulere chopangira chikuto. Chimagwira ntchito, koma zikuto zake zimafanana ndipo sizionetsa kuti m'katimo muli zoseketsa. Ndi bwino kutsitsa template ya chikuto mutalowetsa kukula kwa tsamba, chiwerengero cha masamba ndi mtundu wa pepala, n'kuipereka kwa wojambula. Pa buku la 5 ndi 8 la masamba 96 a kirimu, chikuto chonse chimakhala mainchi 10.49 m'lifupi ndi 8.25 m'litali. Kumbuyo, cha m'munsi kumanja, siyani malo a mainchi 2 ndi 1.2 a barcode. Musamalize chikuto masamba asanakhazikike, chifukwa mukawonjezera nkhani imodzi msana umanenepa. Cha Kindle ndi chithunzi chimodzi cha mapikiselo 2560 m'litali ndi 1600 m'lifupi, ndipo chiyeseni chili chaching'ono ngati chala, pakuti umu ndi mmene ogula amachionera koyamba.

Pali chinthu chimene palibe makina a KDP angakuuzeni: ogula kabuku kotere amadziwa hatchi kuposa mmene amadziwira mabuku, ndipo cholakwika amachiona pachikuto pomwe. Hatchi yothamanga imachotsa ziboda zonse zinayi pansi pamene miyendo yapindikira pansi pa mimba, osati itatambasukira kutsogolo ndi kumbuyo. Zithunzi za Eadweard Muybridge za mu 1878 zinatsimikizira zimenezi, komabe ojambula ena amapitiriza kulakwitsa. Makutu ogonera kumbuyo n'kumata pakhosi ndi chizindikiro cha ukali, ndiye hatchi imene mukuti ikusangalala isajambulidwe chotero. Kupinda mlomo wam'mwamba n'kuonetsa mano, kumene kumaoneka ngati kuseka, kwenikweni hatchi imakhala ikufufuza fungo. Nthabwala yodziwa zimenezi imakoma kuposa yongoti hatchi inaseka.

M'nkhaninso ndi chimodzimodzi. Hatchi sisanza, imapuma ndi mphuno zokha, imatha kuwodzera chiimire koma imafunika kugona pansi kuti ipeze tulo tofa nato. Msinkhu wake umayezedwa pa linunda, pakati pa mapewa, ndi muyezo wa manja, dzanja limodzi kukhala mainchi 4, ndipo 14.2 amatanthauza manja 14 ndi mainchi 2. Palibe hatchi ya 14.5. Mwachizolowezi munthu amakwerera kumanzere. Bere limatenga pafupifupi miyezi 11, ndipo ziboda zimasadzulidwa pakatha milungu 6 mpaka 8. Wolemba ali ndi ufulu wopatsa hatchi mawu kuti ilankhule, owerenga sadandaula nazo, koma akalakwitsa tinthu totere amamulembera m'ndemanga, ndipo ndemangazo zimakhala pansi pa buku mpaka kalekale. KDP siwerenga buku lanu kuti ione ngati nkhani ikuseketsa kapena ngati mfundo ndi zoona. Imaona mipata, chikuto, malamulo a zam'kati ndi umwini, kenako nthawi zambiri buku limatuluka pasanathe maola 72. Pezani munthu wa kukhola awerenge, ndiponso wina awerenge ndakatulo mokweza inu mukumvetsera. Hatchi ikamayenda pang'onopang'ono ziboda zimagunda kanayi, ikamathamanga monjanja zimagunda kawiri, pa liwiro lapakati katatu. Ndakatulo imene kagundidwe kake kakutsata mayendedwe amene ikufotokoza imamveka m'thupi mwa wokwera aliyense, ndipo pamene wowerenga mokweza wapunthwa m'pamene pali silabo yowonjezera.

Kuti buku lipezeke

KDP imapereka malo a mawu ofufuzira 7, magulu osapitirira atatu, ndi malo ofotokozera buku a zilembo 4,000. M'malo a mawu ofufuzirawo musabwereze mawu amene ali kale pa mutu. Lembani zimene wogula angafune, monga mphatso ya wokonda mahatchi kapena ndakatulo zoseketsa za okwera mahatchi. Maina a alembi ena ndi maina a malonda a eni ake saloledwa pamenepo. Pa magulu, limodzi likhale la nthabwala, lina la ndakatulo, lina la mahatchi, chifukwa m'gulu la mahatchi ndi mmene muli anthu anu enieni. Ogula amawerenga kaye chitsanzo cha pafupifupi 10 peresenti yoyambirira ya buku la Kindle. Pa kabuku kakafupi zimenezi ndi masamba ochepa kwambiri, ndiye mawu othokoza ndi mbiri ya wolemba muziike kumapeto, ndipo nkhani yoseketsa koposa ikhale yoyamba.

Buku lapepala limafuna ISBN, nambala yozindikiritsira buku padziko lonse. KDP imapereka yaulere, koma imagwira ntchito pa KDP pokha ndipo pa malo a wosindikiza pamalembedwa kuti Independently published. Amene akufuna kudzasindikizanso buku lomwelo kwina agule ISBN yakeyake. La Kindle silifuna ISBN, limapatsidwa nambala ya Amazon yotchedwa ASIN.

Chenjezo lalikulu ndi la KDP Select, pangano limene wolemba angasankhe kulowamo ndi buku lake la Kindle. Mukalowamo, buku lanu limaikidwa mu Kindle Unlimited, mmene owerenga amalipira pamwezi n'kumawerenga mabuku amene alimo, mumalipidwa malinga ndi masamba amene awerengedwa, ndipo mumapatsidwa masiku 5 oligawa ulere pa masiku 90 alionse. Koma pa masiku 90 amenewo buku la pakompyutalo siliyenera kupezeka kwina kulikonse pa intaneti, kupatula chitsanzo cha 10 peresenti ndi malaibulale a anthu onse, ndipo pangano limadzikonzanso lokha mukapanda kuliletsa pa akaunti yanu. Ndakatulo zoseketsa zimafala pogawana. Wina amaiona pa Facebook, n'kuitumiza kwa mnzake wa kukhola, ndipo umu ndi mmene wolemba amadziwikira. KDP Select imamanga njira imeneyo, pomwe malipiro a masamba pa kabuku kakafupi ndi ochepa zedi. Wa ndakatulo asalowemo. Wa nkhani zazifupi zokhazokha amene ali ndi timabuku tingapo totsatizana angapindule nayo. Buku lapepala silikhudzidwa ndi panganoli.

Ngati zina mwa nkhani zanu zinatuluka kale pa intaneti kapena m'magazini, KDP imatha kukufunsani umboni wakuti ndinu mwini wake. Sungani mapangano amene munasaina ndi magaziniwo, ndipo onetsetsani kuti nthawi imene anagula ufulu wa nkhaniyo inatha. Kabuku kosonkhanitsa ntchito za alembi angapo kamafuna chilolezo cholembedwa cha aliyense, wojambula yemwe, ndipo KDP imalipira mwini akaunti yekha. Kugawana ndalamazo ndi ntchito yanu. Kuyambira mu Seputembala 2023 mumafunsidwanso kuulula ngati mawu, zithunzi kapena kumasulira zinapangidwa ndi AI.

Musanayambe ntchito yonseyi, onani zinthu zitatu pa tsamba la chithandizo la KDP. Choyamba, ngati chinenero cha buku lanu chili pa ndandanda wa zinenero zololedwa, chifukwa si zonse zimene zilipo, ndipo ndandanda wa Kindle umasiyana ndi wa pepala. Chachiwiri, njira yolandirira ndalama imene ikupezeka ku dziko lanu, poti kutumiza ku banki mwachindunji sikuchitika kulikonse, ndipo njira zina zimadikira kuti ndalama zifike pa mlingo wina. Chachitatu, msonkho: wokhala kunja kwa United States amadulidwa 30 peresenti pa zogulitsa za kumeneko, pokhapokha ngati dziko lake lili ndi pangano la misonkho lochepetsa gawolo ndipo walemba nambala yake ya msonkho pa fomu. Ndalama za mwezi uliwonse zimafika patatha pafupifupi masiku 60 mweziwo utatha, ndiye zogulitsa za mu Disembala, nthawi imene mabuku a mphatso amayenda kwambiri, zimalowa cha kumapeto kwa Febuluwale.

Wolemba angaitanitsenso makope akeake pa mtengo wosindikizira, mpaka 999 nthawi imodzi. Kabuku ka nthabwala za mahatchi kamagulidwa msanga pamene pasonkhana anthu a mahatchi, pa zionetsero, pa mipikisano ndi m'masitolo a zishalo, munthu atakatsegula n'kuwerenga ndakatulo imodzi ali chiimire. Makope amenewa amachedwa kufika kusiyana ndi ogulidwa mwa masiku onse, ndipo ndalama yotumizira imakwera malinga ndi kutalika kwa ulendo, choncho itanitsani kudakali milungu ingapo tsiku la chionetsero lisanafike, ndipo katoni ikafika tsegulani makope angapo muone ngati masamba onse alimo komanso ngati msana walunjika.